Dzino la Sopo

Lolemba, 27 Epulo

Funso limene ndiyenera kulithetsa pofika Lachisanu ndi ili: kodi zaka zitatu zotsala zokonzekera sukulu ya udokotala wa mano ndizimalizire pa yunivesite ya pa chilumba chathu chino, kapena ndivomere malo amene koleji ya kunja, ku Ohio, yandipatsa?

Ku Ohio magetsi sazimazima, ndipo wokhoza bwino amalowa m'sukulu yawo ya mano popanda chovuta. Kuno, chaka chino chokha, kemisitiri wa mu labotale walephereka kasanu ndi kawiri chifukwa cha magetsi. Komabe ndine, Glorimar Seda, amene ndinaimirira pa msonkhano wa ophunzira mu Febuluwale ndi kunena kuti aliyense wokwera ndege akusiya mano a makolo ake akuwola. Anandiwombera m'manja. Mnzanga Zoraida, amene anali atavomera kale kupita ku Florida, anatuluka akulira. Palibe amene akudziwa kuti pamene ndinkalankhula, pempho langa linali litafika kale ku Ohio.

Kalata yawo ili pansi pa matiresi. Ndikulephera kukhala pampando ngakhale mphindi khumi.

Lachiwiri, 28 Epulo

A Mami aipeza potembenuza matiresi.

Ndinawapeza pakhonde akuluka mundillo, nsalu yamaluwamaluwa ya ulusi yolukira pa pilo ndi mapini, ya diresi la ubatizo, timitengo ta ulusi tikugundana mwa masiku onse. Kalata ili pamwendo pawo. Osakweza ndi mutu womwe, anati ndipite, chifukwa amene amandiwombera m'manja aja sadzandilembera mayeso. Ndinawayankha mwadongosolo: kuti kuno ku Moca munthu amadikira miyezi kuti aonane ndi dokotala wa mano, kuti chilumba chimene chimaphunzitsa ana ake kuti akathandize kwina chikudzikumbira manda. Anangoti, “Ukulankhula ndi ine kapena ndi msonkhano?”

Pamenepo ndinanena chinthu choipa, ndipo ndichilemba kuti ndisadzachikane. Ndinati akufuna ndithawe chifukwa iwo moyo wawo wonse wathera powerama pa pilo ameneyo, kukongoletsa ana a eni.

Timitengo tija tinangoti zii.

Ndinanyamula chikwama n'kutuluka. Chiphunzirire kulankhula, sindinatulukepo m'nyumba osanena kuti “Dalitso, Mami,” ndi kumva “Mulungu akudalitse.” Lero ndatuluka chomwecho. Tsiku lonse ndamva ngati ndavala nsapato imodzi.

Lachitatu, 29 Epulo

Tsiku langa loonerera ntchito kwa a Dokotala Irizarry. Maola oonererawa sukulu iliyonse ya mano imawafuna, ndipo ndakwanitsa makumi anayi. Wodwala womaliza atatuluka ndinawaonetsa kalata ija ndi kuwapempha kuti agamule. Anati koleji ndi mwamuna sasankhirana. Kenaka anatulutsa sopo ndi kampeni m'dirowa, n'kuti ndiwasemere dzino lotafunira, lokhala ndi timapiri take tinayi ndi mizu yake.

Dzino limeneli ndimalidziwa ngati dzina langa. Ndingalijambule nditatsinzina. Sopo woyamba anasweka pakati. Wachiwiri anaduka muzu. Wachitatu anatuluka ngati chinangwa chodyedwa ndi mbewa, ndipo adokotala anamutembenuzatembenuza n'kufunsa kuti wodwala wake ndi kavalo wa ndani.

Anandiuza kuti m'chaka chawo choyamba cha udokotala, amene ankalirira m'bafa sanali ochokera ku makoleji osauka ayi, koma amene zala zawo zinali zisanagwirepo ntchito yaing'ono yofuna kudekha. Kenaka anandiyang'anitsitsa.

“Kodi si iwe mwana wa Doña Lydia? Ana anga onse atatu anabatizidwa m'madiresi ake. Mayi amene uja amayendetsa timitengo makumi asanu ndi limodzi osayang'ana. Unakhalapo pa pilo wake?”

Ndinati ndinakana ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, pa zifukwa za mfundo.

“Mfundo,” anatero, akundipatsa chinangwa changa chija. “Kamusonyeze wodwala mfundo imeneyi.”

Ndinakwiya njira yonse. Ndikadali wokwiya, ndipo chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti ndikusowa woti ndimutsutse.

Lachinayi, 30 Epulo

A Mami anandiikira khofi ndi buledi patebulo osalankhula.

Ndinawasuzumira pawindo. Pini imodzi inawapulumuka katatu. Mfundo za zala zawo zatupa ndi nyamakazi, ndipo sindikudziwa kuti zinayamba liti, ine amene ndimadziwa mavuto onse a chilumba chino pamtima. Ohio ndi zaka zitatu, kuwonjezapo zinayi za udokotala. Zala zimenezo sizingadikire zaka zisanu ndi ziwiri.

Mano ena awiri a sopo asweka. M'nyumba mwatsala wochapira yekha.

Lachisanu, 1 Meyi

Basi ya ophunzira opita ku zionetsero ku San Juan inanyamuka mamawa. Ndinayenera kukalankhula kumeneko. Sindinakwere.

Ndinakoka mpando n'kukhala pambali pa a Mami. Ndinaika mano anga asanu ophwanyika aja pa thebulo lawo la ulusi, ndipo ndinapepesa chifukwa cha mawu a Lachiwiri. Kupepesa kumene ndinakonza kunali ndi ndime zitatu. Ndinangokwanitsa chiganizo chimodzi.

Anati ngati ndikutsala chifukwa choopa kuchita manyazi pamaso pa anzanga, ndinyamuke ndikalongedze. Ndinati Lolemba zinalidi choncho, koma lero ndikutsalira zala zawo.

“Zala zangazi si koleji, iwe loya wopanda khoti.”

Anatola dzino lachitatu lija, analiyang'ana nthawi yaitali, mapewa awo n'kuyamba kugwedezeka ndi kuseka. Kenaka anakankhira pilo kwa ine n'kundipatsa timitengo tinayi tokha. Kupingasa, kupota. Kupingasa, kupota. Ulusi unakodwa ndisanafike kachisanu. Anandimenya kakhofi padzanja, n'kuti ndimasule ndekha, ndisadule. Zinanditengera ola lathunthu.

Nthawi tsopano ndi 2 koloko. Zoyenera kuchitika:

1. Kulembera a ku Ohio isanakwane 5 koloko, kuwathokoza ndi kukana. Mizere itatu, popanda ulaliki.
2. Kuimbira Zoraida lero lomwe. Akadula foni, kuimbanso.
3. Kuimirira pa msonkhano wa Lachiwiri ndi kunena kuti nanenso ndinapempha malo kunja. Asawombe m'manja, palibe kanthu.
4. Kugula mitanda khumi ndi iwiri ya sopo, ndi kupempha a Dokotala Irizarry kampeni kaja.
5. Pa pilo m'mawa uliwonse ndisanapite ku kalasi, kufikira timitengo tinayi titasanduka makumi awiri.
6. Kupemphanso dalitso mawa. Lero ndinapempha ndipo sanayankhe. Anangondigwira chala cha mkombaphala n'kuchiwongola pa kamtengo.