Kanjila ka Utsi Pansi pa Kabuleta

Okondedwa akulu anga,

Landilani moni wanga. Muli bwanji ku Solwezi, inu ndi alamu? Kuno ku Kalindawalo tilipo, koma amake Tisa miyendo ikali kutupa, ndipo ndimawapeleka ku chipatala cha ku Minga pa motoka yathu ija.

Sabata yatha titatuluka m'chipatala masana, injini inakana kulila. Nditatsegula boneti, ndinamva petulo ikuwila mu kabuleta. Mwachizolowezi ndinatembenuka kuti ndikufunseni, koma kumbuyo kwanga kunalibe munthu. Alamu anu anadikila pansi pa mtengo mpaka injini itazizila.

Ndinapita nayo kwa makanika wina ku Nyimba. Iye anati kanjila ka utsi kodutsa pansi pa kabuleta ndiko kakutenthetsa petulo, tikatseke ndi chidutswa cha lata. Ndinafunsa kuti, "Nanga mu Juni m'mawa, popanda kutentha kumeneko, siidzatsokomola n'kuzima panjila?"

Anaseka, nati, "A Mwanza, mantha anu! Kuzizila kwa ku Petauke nakonso n'kuzizila?"

Sindinalole. Amene anaika kanjilako sanali opusa, ndipo inu simunakatsekepo. Koma ndikakasiya, odwala adzapsanso ndi dzuwa pa Minga.

Chonde ndiuzeni chochita. Sindimasula bauti ngakhale imodzi musanayankhe. Ngati kulemba kwavuta, tumani foni m'mawa, ndiiike pafupi ndi injini mumve kalilidwe kake. Nanenso ndimveko mau anu, pakuti masiku ano nkhani za motoka ndimakamba ndekha.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Lazalo