Tumizani Madzi Otsukira

Ile-Ife,
14 Meyi 2023

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja wayamba kumva mankhwala. Ine ndili bwino, kungoti masabata apitawa mwandiliza, inu nomwe.

Paja ndinakupemphani botolo la madzi a utoto oti ndiyesere magalasi a kafukufuku wanga. Magalasiwa timawatsekera m'makina, n'kutulutsamo mpweya wonse, kenako timalowetsa wina umene umagunda chitsulo cha titaniyamu mpaka fumbi lake limate pagalasi. Ndi lochepa zedi, maso saliona. Koma galasi lotere likakhala m'madzi padzuwa limadya utoto, madzi n'kuyera. Zikatheka, a khonsolo sadzatseka bwalo lanu lonyikira nsalu chifukwa cha khwawa lomwe lada ndi utoto lija.

Botolo lanu litafika ndinaviikamo galasi n'kudikira. Madzi anangoti bii. Ndinapanga galasi lina, kenako linanso, koma ayi ndithu. Ndinayamba kukayikira mutu wangawu, ndipo tsiku lina ndinakhala pakhonde n'kulira ngati mwana.

Nditaimbira mlongo wanga Kolapo, anaseka mpaka kutsokomola.

"Achemwali, inunso amayi anu simuwadziwa? Anatunga mumtsuko wa nsalu zaukwati uja. Akuti mwana wawo wa ku yunivesite sangalandire madzi otsukira, anthu angaganize kuti ku Abeokuta utoto ndi wosuluka."

Amayi, ndinakwiya, kenako ndinaseka, kenako ndinakusowani kwambiri. Moyo wanu wonse mwalimbana kuti utoto usasuluke, ndiye mwabereka mwana amene ntchito yake ndi kuusulutsa. Ulendo uno mwapambana ndinu, chifukwa mu utoto wanu ngakhale kuwala kwa dzuwa sikudutsa.

Tsopano ndagwira mwendo wanu, wabwinowo. Tumizani madzi a m'ngalande ya kuseri kwa bwalo, onyansa omwewo. Musasefe, ndipo musaonjezeremo kanthu pofuna kundilemekeza. A khonsolo ati abweranso mvula ikatha. Sindikulonjeza kuti zitheka, koma sindikufuna kuti tsiku limenelo ndidzaime pambali panu chimanjamanja.

Mundiperekere moni kwa Kolapo ndi amayi onse a pabwalo. Botolo loyamba lija sinditaya. Ndaliika pawindo, ndipo ntchito ikandikanika ndimalitsegula pang'ono. Limanunkhira ngati manja anu pamene munkandiluka tsitsi ndikupita kusukulu.

Ndine mwana wanu,
Tinuola