Kafukufuku wa Chiponde

Lolemba, 3 Juni

Kuzizira kwa ku Champhira kuno sindinakuzolowerebe. Kwathu ku Ntchisi nakonso kumazizira, koma osati kolowa m'mafupa chonchi.

Amuna anga, bambo a Wezi, atha mwezi chibwerere ku Joni. Zaka zinayi kulibe, lero ndi awa pakhonde, jekete lachikopa, cholembera kukhutu. Akuti akufuna kugula makina opera chiponde ku Mzimba Boma, azigulitsa cha m'mabotolo. Koma choyamba kafukufuku. Bwana wawo wa kusitolo ku Joni kuja akuti sankaika chinthu pashelefu asanafunse anthu. Anthu akavomera, akhala. Akakana, abwerera ku Joni, zaka zinanso.

Ine ntchito yanga kunyamula chikwama cha mapepala. Ndinyamula ndithu, ngakhale mpaka ku Jenda wapansi, bola akhale.

Lachitatu, 5 Juni

Tayamba. Mumadya chiponde? Mungagule cha m'botolo? Kangati pamwezi?

Woyamba kufunsidwa, apongozi anga, mayi awo enieni, atafunda bulangete lomwe mwana wawoyo anawabweretsera kuchokera ku Joni. "Enya mwana wanga, tigulenge chomene, sabata iliyonse." Bambo kuchonga papepala, nkhope ya dokotala. Ine maso pamtondo wa amama uli apo, mtedza utayanikidwa pamphasa. Ndangokhosomola.

Kwina konse chimodzimodzi. Munthu wakupatsa sopo mwezi watha, lero akufunse, unganene kuti ayi? Ngakhale a Yona, amene akalawa mtedza thupi lonse zidzolo, alonjeza mabotolo awiri.

Loweruka, 8 Juni

Mapazi atupa. Wokana palibe ndi mmodzi yemwe. Bambo akuyenda ngati fakitale yatsegulidwa kale, ndipo akuti idzatchedwa dzina la mwana. Mwanayo wamva, lero wakana kutsuka mbale.

Koma pali funso lina. Silili papepala, ndipo ofunsa si iwo. Tikatsanzika, iwo patsogolo, mayi wapakhomopo kundiperekeza, kundikoka chitenje. "Amulamu, ada abwerera liti ku Joni? Ndili ndi kathumba ka ufa ka mwana wanga." Kwina nyemba. Kwina mfutso wa nkhwani. Kuno khomo lopanda munthu ku Joni ndi lochita kufunafuna.

Ndimayankha kuti sabwereranso. Mokweza pang'ono.

Lamulungu, 9 Juni

Kutchalitchi funso lomwelo, azimayi ena. Ulaliki sindinaumve.

Lachinayi, 13 Juni

Tinapita ku Boma kukaona makina. Ofiira, onyezimira. Mtengo wake thukuta lonse la ku Joni, osatsalako ndi ya feteleza yomwe. Awasisita ngati ng'ombe ya lobola. Ati Lolemba tidzatenga.

M'minibasi pobwerera ine maganizo okhaokha. Ndikakhala chete agula, mabotolo achita fumbi, pofika Khirisimasi munthu wakwera basi ndi manyazi, ndipo munthu wamanyazi sabwera msanga. Ndikanena, ndawalozera ndekha msewu. Ndikuopa zonse ziwiri. Ndimawafuna pakhomo pano, basi. Wezi wangoyamba kumene kuwazolowera.

Lachisanu, 14 Juni

Ndanena, tikuswa mtedza pakhonde. Ndati inu mwalemba zimene anthu anena pamaso panu, ine ndamva za kumbuyo kwanu. Ndatchula khomo ndi khomo, wa ufa, wa nyemba, wa mfutso.

"Pepala silinama, mayi a Wezi."

Ndati silinama, koma nalonso lili ndi ulemu.

Anyamuka, makoko pansi. Akuti kukaona ng'ombe. Ng'ombe zili bwinobwino.

Lachitatu, 19 Juni

Lolemba ladutsa, makina akadali kwa eni ake.

Akuzungulira okha tsopano, opanda jekete, opanda wonyamula chikwama. Mafunso asintha: muli ndi wanu ku Joni? Katundu mumatumiza bwanji? Akuti anthu osasiya kulankhula, mpaka pepala kuchepa. Wina ufa wake unafika theka. Wina sunafike n'komwe, wonyamulayo foni anazimitsa. A Yona analankhula mpaka tiyi kuzizira.

Apangana ndi a Cosmas, mnzawo wa minibasi ya ngolo yopita ku Joni. A Cosmas chiwongolero, iwo kusonkhanitsa katundu, kupima pasikelo, kukapereka m'manja mwa mwini. Masabata awiri panjira, awiri kunyumba. Agula sikelo yokha, ndalama zinazo zagona.

Ndinawamva akuuza a Cosmas kuti deta, zotsatira za kafukufuku wawo zija, yalankhula. Deta yakeyo inali kukhitchini ikuphika ndiwo, koma sinatchulidwe dzina.

Masabata awiri si zaka zinayi. Ndikudziuza choncho pafupipafupi.

Lachinayi, 27 Juni

Khonde lonse matumba. Woyamba kufika m'mamawa, apongozi, bulangete lomwe lija. Katundu wa a Hector, mlamu wanga wotsiriza, naye ali komweko. Amasula nsalu: botolo lalikulu la chiponde, chosinja okha. "Mumupatse m'manja. Cha makina mwana wanga sadya, mbwenu chilibe fungo."

Bambo a Wezi kuyang'ana ine, ine kuyang'ana sikelo. Taseka mpaka misozi, amama kudabwa kuti alakwa chiyani.

Anyamuka masana. Misozi ina yabwera pambuyo, imeneyo sinali yoseka.

Kulowa m'nyumba, jekete lachikopa lili pamsomali. Juni, ndipo amati ku Joni kumazizira kuposa kuno. Wezi akuti adadi aiwala, tiwaimbire asanafike patali. Ulendo wakale uja sanasiye ndi sokosi yomwe.

Foni sindiimba.