Ndayanika Laputopu Padzuwa

Lachinayi madzulo. Mutu wandizungulira tsiku lonse.

Laputopu yatsopanoyi ndinaigula ku Chipata, ndipo ndinalengeza paboda ponse kuti batire lake limakhala sabata yathunthu. Lero latha ndisanamalize n'komwe tiyi. Loweruka ndikaonetsa vidiyo ya chinkhoswe chathu kwa apongozi ku Kapondo, komwe kulibe magetsi. Vidiyoyo ndi ya maola awiri, ndipo aitana mudzi wonse.

Masana ndinaiyanika pamalata ngati mmene timachitira ndi mabatire a wailesi. Inatentha moti munthu akanakazingirapo mazira, koma batire silinakwere.

Alamu anga a Zulu, oyendetsa thiraki, anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, chepetsani kuwala kwa sikiriniko. Zulaninso mafoni athu atatu mukutitchajirawa, akuyamwa batire lanu."

"Ndikachepetsa kuwala, a tsidya lija la msewu adziwa bwanji kuti ndili ndi laputopu?"

Komabe ndawamvera. Tsopano ikukhala ola limodzi ndi theka, ndiye kuti idzazima pomwe apongozi akuimirira kuti alankhule muvidiyomo. Mwina ndidumphe gawo la abale anga, koma amayi nawonso akuti akubwera...