Moni Alibe Talaisi

Lolemba, 6 Malichi 1911
Ndatola liwu m'buku lakale la ku mishoni, lija linadyedwa ndi chiswe: trice. Akuti ndi kanthawi kochepa ngati kuphethira kwa diso. Salitchula lokha, amati "in a trice". Ndaliyeserera njira yonse mpaka powoloka Naperi. Mayi wina wosenza nkhuni anandipatukira, kuyesa mutu wanga sukuyenda bwino.

Lachitatu, 8 Malichi
Bwana wa sitolo anafuna mpukutu wa nsalu ya biliwita. Ine, chifuwa patsogolo: "In a trice, sir." Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti mawuwo anawamva komaliza ali mwana, kwa mbusa wina wopanda mano kwawoko. Koma wakondwa. Akuti kalaliki wachangu chotere ndiye woyenera sitolo yatsopano ya ku Limbe. A Mikaili, kapitawo wa amtengatenga, ayamba kunditchula Che Talaisi. Ndinachita ngati ndakwiya, mumtima ndikuvina.

Lachinayi, 9 Malichi
Tsiku lonse talaisi, talaisi. Mawuwa ndi aafupi pakamwa pokha, miyendo ndiyo ikudziwa.

Loweruka, 11 Malichi
Ndazipala. A Mwanakombo, malume ake a bwenzi langa Alefa, amene mawu awo ndiwo atsegule kapena kutseka ukwati wathu, anatulukira pakhonde la sitolo. Ayenda wapansi kuchokera kuseri kwa Soche kudzandiona ndi maso awo. Ndinawapatsa mpando, ine n'kukhala pansi, moni n'kuyambika. Anali atangofika pa za chifuwa cha alongo awo, mayi ake a Alefa, pamene bwana anaitana. Ndinadzambatuka ngati ndakhalira linthumbu. Ndinawasiya mawu ali m'kamwa, manja akali kuomba. Ndipo ndinawauza chiyani? "In a trice." Kuuza munthu wamkulu amene Chizungu sachidziwa n'komwe.

Pobwerako ndinapeza mpando uli wokha.

Lamulungu, 12 Malichi
Alefa sanandiyang'ane m'tchalitchi. Potuluka anangoti, "Malume akuti mwamuna wodula moni pakati adzadulanso banja pakati." Tsono ine Bennet, chitsiru chodziwa kulemba, ndinayambadi kumufotokozera tanthauzo la mawu aja, ndi kumene ndinawatola. Anandisiya ndikuyankhula ndi mtengo wa mbawa.

Ndili ndi mantha. 

Lolemba, 13 Malichi
A Mikaili amva kuti a Mwanakombo abweranso mawa, kudzagula khasu, osati kudzaona ine. "Moni alibe talaisi, achimwene," anatero a Mikaili akusuta fodya. Mawa lomwelo ndiye bwana asankha wopita ku Limbe.

Lachiwiri, 14 Malichi
A Mwanakombo anafika dzuwa lili paliwombo. Ndinagwada pakhonde, buluku langa loyera m'matope. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanakhale pansi. Kenaka anayamba, pang'onopang'ono, mwadala ndithu: chifuwa cha alongo awo, denga lodontha, mbuzi yosochera.

Bwana anaitana. Ndinafunsa mtundu wa mbuziyo. Anaitananso mokweza. Thukuta lili chuchuchu, ndinafunsa ngati anayang'ana kudambo. Mapeto ake bwana anatuluka yekha, nkhope ili psuu, n'kunena kuti za ku Limbe ndiiwale. Anamenyetsa chitseko.

A Mwanakombo anayang'ana chitsekocho, kenaka ine.

"Mbuziyo sinapezeke, akamwini," anatero. "Sunthirani kuno, sindinakuuzeni za anyani."