Kamchira ka m'buku la Tisa

Lachinayi, ku Kapata. Kwatentha, koma mtima uli m'malo.

Mdzukulu wanga Tisa akulembanso mayeso a Chingerezi mawa, poti chaka chatha analephera. Akuti m'ziganizo zazitali zoyamba ndi "ifu" sadziwa poika kachizindikiro kopumira kaja, kokhala ngati kamchira.

Nditati ndimuthandize, iye anati, "Agogo, musavutike, inu sukulu simunapondeko."

Zinandiwawa. Ine amene ndinadziphunzitsa kulemba ndi buku la nyimbo! Ndinamuuza kuti awerenge mokweza. Chingerezi sindimva, koma ndakalambira m'kwaya, ndimadziwa popumira munthu. Akafika pamenepo ndimagogoda ndodo pansi, iye n'kuika kamchirako. Poona mayankho a aphunzitsi ake, tinapeza kuti taphonya kamodzi kokha.

"Ndiye mawa mundibwereke ndodoyo, aphunzitsi," anatero akuseka.

Ndakana. Ndimuperekeza ndekha mpaka pageti pa sukulu, ngakhale bondo langali...