Mapazi Akuda pa Dzenje Lachinayi

Kilbrannoch,
19 Januwale 2016.

Okondedwa mlongo wanga Elspeth,

Ndalandira kalata yanu pamodzi ndi masokosi aubweya aja, ndipo ndathokoza kwambiri. Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu anga a Fergus muli bwino ku New Zealand kumeneko, kumene mukuwotha dzuwa pamene ife kuno tikuumirira ndi chisanu. Ine m'thupi ndilibe chodandaula, koma mtima wanga ndi wowawa, pakuti andichita chipongwe ku kalabu ya gofu imene ndaitumikira zaka makumi asanu.

Mukudziwa m'mene bwalo lathu limakhalira mwezi uno. Nthaka yauma gwa, mpira ukagwa umanjanja ngati wagwera pa simenti n'kukathera kunyanja. Chaka chino atilamula kuyenda ndi timikeka tapulasitiki, kuti tiziikapo mpira tisanamenye, ati kuopa kukumba udzu umene sumeranso m'nyengo yozizira. Munthu wa msinkhu wanga kumayala kamkeka pansi ngati wamalonda pamsika! Ndinapirira. Anatseka kapinga wosalala wa pamaenje enieni, n'kutikumbira maenje ogwirizira aakulu ngati ndowa pa udzu wautali. Ndinapiriranso.

Koma Lolemba la sabata yatha, mayi Shona Birnie, amene amasamalira bwalo masiku ano, anapeza mapazi pa kapinga wotsekedwa wa dzenje lachinayi. Mukukumbukira zimene malemu bambo ankatiphunzitsa: udzu wogwidwa ndi chisanu ukaupondera umathyoka ngati galasi. Tsiku lomwelo suonetsa kanthu, koma pakapita masiku atatu phazi lililonse limatuluka lakuda bii, ndipo limakhala choncho mpaka Epulo. Mayiwa anajambula chithunzi n'kuchimata pachitseko cha chipinda chodyera, pamene pamadutsa aliyense wobwera kudzamwa supu.

Loweruka nditalowa, ndinapeza anthu ataunjikana pachitsekopo. Anayamba ndi Hector Dalgleish, mnzanga amene ndakhala ndikusewera naye mbali imodzi kwa zaka makumi atatu.

"Tabwera udzaone, mkulu iwe! Bakha wovala nsapato wayenda pa dzenje lachinayi."

"Sindikuonapo choseketsa, a Dalgleish," ndinatero ine.

"Taona, phazi lamanzere laloza kunyanja, lamanja laloza kutchalitchi. M'tauni muno amayenda choncho ndani? Aaa, tchula wekha, usandivutitse!"

Onse anafa ndi phwete, mpaka mbusa wathu wopuma uja anatsamwa ndi tiyi. Kenaka mayi Birnie anati, "Bambo Ferrier, ine sindinatchule munthu. Koma mbendera yofiira yoletsa kusewera inali pamtengo m'mawa umenewo. Lamulo loletsa kuponda kapinga wa chisanu ine ndinalipeza, ndipo pansi pake pali dzina lanu."

Zimenezo ndi zoona. Ndinalilemba ndine mu 1987, ndili mlembi wa komiti, ndipo ndinaimitsapo nalo dokotala wa mano miyezi itatu. Koma ine ndinamulembera kalata yomata bwinobwino, sindinamupachike pachitseko kuti odya supu azimuseka. Ulemu unapita kuti m'dziko muno? Tsopano komiti yandiitana Lachinayi likubwerali. Akuti ndipepese pamaso pa onse ndi kufotokoza chimene ndinkachita pamenepo, apo ayi andiimitsa mpaka Meyi. Hector wanena kale, mosapsatira, kuti mpikisano wa awiriawiri wa mu Malichi sudzadikira munthu. Akandiimitsa, iye atenga wina.

Kwa inu nokha, Elspeth, ndinene kuti mapaziwo ndi anga. Chimene chazunguza anthu mutu n'chakuti mapaziwo sakudutsa ayi, akuzungulira dzenje kambirimbiri, sitepe imodzi kuchokera pakamwa pake. Ena akuti ndinkafuna chinthu chotayika. Hector akuti ndinkavina.

Chiyambire Okutobala, dzanja langa lamanja limachita zake ndikaima pafupi ndi dzenje. Mpira wapatali ndimaumenyabe ngati kale, koma wa sitepe imodzi, umene mwana angaulowetse atatsinzina, ndodo yomenyera imanjenjemera n'kuukankhira pambali. Pa maenje a ndowa aja sizioneka. Koma mu Malichi akatsegula maenje enieni, aliyense adzaona. Choncho ndinasankha m'mawa umene mbendera yofiira inathamangitsa anthu onse, ndinasankhanso dzenje lobisika kuseri kwa milu ya mchenga, ndipo ndinayeserera ola lathunthu. Za udzu ndinkadziwa. Ndinadzinamiza kuti chisanu chake chinali chochepa. Mipira yambiri sinalowe.

Ndiye ndikaime pamaso pa komiti ya anthu amene ndinawaphunzitsa ndekha kagwiridwe ka ndodo, n'kuwauza zimenezi? Ndikuwadziwa ine. Adzandikhululukira tsiku lomwelo, ndipo kuyambira pamenepo mpira wanga ukangoyandikira dzenje, adzidzati, "Tolani, bambo Ferrier, tingoti walowa." Ndinaona m'mene anachitira ndi malemu Murdo Tulloch. Zaka ziwiri zomaliza sanamvepo mpira wake ukugwera m'dzenje, ndipo ankathokoza nthawi iliyonse. Ine ayi. Chipongwe cha pachitseko ndingachipirire, koma chifundo chimenecho sindingachimeze.

Lachinayi ndidzavala tayi ya kalabu, ndidzaima chilili, ndidzavomera kuti mapaziwo ndi anga. Ndidzapepesa kwa mayi Birnie chifukwa cha udzu wawo, pakuti pamenepo pokha akulondola, ndipo ndidzawauzanso zimene ndikuganiza pa za chithunzi chawo. Akadzandifunsa chifukwa, ndidzati n'zanga. Andiimitse. Hector atenge mwana wa a Gilchrist uja; amalankhula kwambiri, koma dzanja lake ndi lokhazikika.

Ndikupemphani zinthu ziwiri. Alamu amalemberana ndi Hector nthawi zina. Musawawerengere kalata ino. Chachiwiri, poyankha musayambe za dokotala, pakuti ndikudziwa njira ya kuchipatala.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa mwana wanu Catriona ndi ana ake. Kalata ino yanditengera masiku awiri, ndipo pepala lino ndi lachitatu. Mukaona zilembo zina zapendekeka, mudziwe kuti m'nyumba muno mukuzizira kwambiri chaka chino.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Alasdair Ferrier